Makoko a zipolopolo m'sefa yanga

Lachinayi. Tsiku londinyansa.

Bwana ayamba misala yatsopano, akuti azithira okha wonga m'zipolopolo monga aonera pa foni. Makina ake abisa m'galaja. Sikelo yanga ya keke atenga, fanulo atenganso. Masana andipatsa chidebe cha makoko a zipolopolo kuti nditsuke m'sefa, yomweyo ndimatsukira mpunga wa mwana wawo.

Ndati, "Bwana, kuno ku Dubai anthu amamangidwa nazo izi."

Angoseka. "Khalas, nkhani yatha, iwe tsuka basi."

Povula yunifolomu ndapeza khoko limodzi m'thumba. Mwezi wamawa ndikupita kwathu kukaona ana. Likanapezeka m'chikwama changa pabwalo la ndege, akanalowa m'ndende ndani?

Ndaliponya m'thumba la jekete yomwe bwana amavala akamakwera ndege.