Yunifomu ya Maxon

Al Qusais, Dubai
14 Ogasiti 2021

Okondedwa Mayi,

Muli bwanji ku Ntcheuko? Miyendo ija yasiya kutupa? Ine ndili bwino, ndikungotokosa anthu m'mphuno kuchipatala ku Oud Metha. Zaka zinayi ku yunivesite kuti ndizitapa mamina a anthu olemera!

Khalani pansi. Mulandira uthenga woti Maxon wamwalira. Musalire. Mwana wanuyo ali pampando wanga pano, shuga yense wandithera.

Ntchito yake ya ulonda itatha chifukwa cha korona, kunabwera phungu wa dziko lina lomwe anthu ake akuphana okhaokha. Iyeyo nkhondo amaimenyera m'nyumba yozizira bwino ku Mirdif, konkuno ku Dubai. Akusonkhanitsa gulu la asilikali odzipereka lotchedwa dzina lake, kuti zikatha adzakhale nduna. Ankazungulira mogona alonda, mlonda aliyense n'kumamutcha habibi, ndiye kuti wokondedwa m'Chiarabu.

Mlongo wanga wanzeruyu, amene amathawa nkhuku ikamazingidwa, analembetsa. Akuti anamuuza kuti azikangolondera geti. Telala anamuyeza, n'kusokerera dzina lake pachifuwa cha yunifomu.

Tsopano ndiulule. Asanakwere ndege, olembetsawo anawabweretsa kuchipatala kwathu kudzayezetsa korona, amuna makumi atatu, ali duu pamzere. Pepala la Maxon ndinalemba ndine, kuti ali ndi matendawa. Analibe, Mayi. Akuntchito akadziwa, khalas, basi zanga zatha, andipitikitsa. Maxon anatsala, akutukwana matenda omwe sanadwale.

Koma yunifomu sinatsale. Anaiveka Enos wa ku Zambia, amene ankagona naye chipinda chimodzi. M'kaundula sanasinthe kanthu.

Lachiwiri masana foni inalira. Mawu odekha, aulemu, anandiuza kuti Maxon wafa ngati ngwazi, ndipo bwana phungu ali ndi chisoni chachikulu. Ndinayankha kuti munthuyo ali pambali panga, akumva zonse. Mawuwo anangopepesanso, n'kunena kuti achibale ambiri amatero.

Chiyambire tsikulo Maxon salankhula. Ndikamuitana dzina satembenuka. Amangoima pagalasi, n'kumadzisisita pachifuwa.

Bokosi likubwera kwanu, chifukwa papepala analemba mudzi wathu. Lifika lokhomedwa, akuti malamulo a korona salola kuona nkhope. Kwawo kwa Enos sitikukudziwa. Iye ankangoti ku Eastern, chigawo chakum'mawa kwa dziko lawo. Ndikufufuzabe.

Chonde musalibweze. M'bokosimo muli Enos, mwana wa munthu, ndipo chinamutumiza kunkhondoko ndi pepala langa lija. Uzani amalume akonze za manda, amayi a mvano aimbe ngati ndi wathu. Koma pamtanda pasalembedwe kanthu, ngakhale obweretsa bokosiwo akakamize. Dzinalo mwini wake akulifunabe.

Mupereke moni kwa azakhali a Selinah ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo inenso mundipempherere.

Ndine mwana wanu,
Everlyn