Fungo lako pakolala yanga

Wokondedwa make Kanyerere,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, ndi kuti miyendo ija yasiya kutupa ndi ntchito yoimirira ya kuchipatalako. Kuno tilipo. Mwana wathu Kanyerere waguluka dzino lakutsogolo, moti akumaseka atatseka pakamwa ndi dzanja. Amayi chifuwa chija chinawasiya. Ine ndikumetabe anthu monga mwa masiku onse.

Ndalemba chifukwa foni yanga sukuyankha. Ndikudziwa zimene mkulu wako anakuuza, ndipo sindikukana kuti anaona. Koma anaona kumchira kokha, ndiye ndilole ndiyambire kumutu.

Ukukumbukira kabotolo ka perefyumu kamene unaiwala pawindo la kuchipinda tsiku lonyamuka? Poyamba ndinkangotsegula chivindikiro n'kununkhiza. Kenako mwana atayamba kulira kuti sapita kusukulu popanda iwe, ndinamupopera pang'ono pakampango kake, ndipo anapita osacheuka. Tsiku lina ndinadzipopera pakolala. Ndinagwira ntchito mpaka madzulo ngati kuti wakhala pabenchi la makasitomala, ukundidikira kuti tizipita limodzi.

Makasitomala sanandisiye. Mdala wadazi uja, amene amabwera kudzametetsa tsitsi lomwe alibe, anafunsa ngati ndayamba kugulitsa maluwa kuseri kwa kalilole. Ndinangoseka nawo.

Kabotoloko kanatha, dzina lake litafufutika kale ndi zala zathu. Ndinakatenga n'kupita kushopu ya zonunkhira ija yoyandikana ndi pokwerera basi. Mayi wogulitsa ananunkhiza chivindikiro, nati akuiganizira koma tiyese kaye. Anandipopera pamkono.

Fungo loyamba linali la mandimu ndi makoko a lalanje, lakuthwa ndithu. Ndinapukusa mutu kuti si limeneli. Anandiuza kuti ndisapupulume, perefyumu satulutsa zonse nthawi imodzi. Titadikira kunabwera maluwa. Pambuyo pake kunatsala fungo lofunda lija lokakamira pakhungu, limene iye anati ndi masiki. Limenelo ndiye linali iwe, pakhosi pako ukamabwera kuntchito madzulo. Ndinapempha mpando n'kukhalapo.

Ndinamufunsa mwamanyazi ngati mwamuna angadzithire imeneyi. Anaseka, nati anaipangira onse, mwamuna ndi mkazi, koma pa munthu aliyense imatuluka mosiyana. Anagwira mkono wanga n'kuweramirapo kuti amve mmene yakhalira pa ine. Apo m'pamene mkulu wako ankadutsa pawindo la shopuyo.

Sanandifunse kanthu. Anabwera kunyumba ngati wodzaona mwana, analowa kuchipinda, ananunkhiza pilo, n'kutuluka nkhope ili gwa. Zoti wakuimbira ndinazimva kwa Kanyerere, amene anandifunsa tikudya kuti mayi wina uja ndi ndani. 

M'mawa mwake ndinatseka shopu yanga n'kupita kwa alamuwo ndi mabotolo onse awiri, lopanda kanthu ndi latsopano limene ndinagula kwa mayi uja. Ndinawapempha kuti atambasule dzanja. Anakana kaye, amvekere iwo si mwana woti n'kupusitsidwa ndi madzi a mandimu. Ndinachonderera mpaka analola, ndipo ndinawapopera. Tinakhala pakhonde pawo kudikira kuti fungo lisinthe. Patapita nthawi anaika dzanja pamphuno, ndipo sanalichotsenso. Anati akumva mng'ono wawo. Analira, ine n'kukhala wowatonthoza.

Akuti akhala akukuimbira kuti abweze mawu awo, koma nawonso sukuwayankha. Sindikuwasungira chakukhosi. Akukusowa ngati mmene ndikukusowera ine, anangosowa pokwiyira.

Ndikuuze zoona, pa ine fungoli silifika pamene limafika pa iwe. Mandimu alipo, maluwa alipo, koma chotsalira chija chimasakanikirana ndi sipiriti ndi tsitsi la anthu. Ndikafika kunyumba mwana amandikwera, amandinunkhiza pakhosi, n'kunena kuti ndatsala pang'ono kufanana ndi amayi ake. Tsiku lililonse ndimatsala pang'ono.

Sindikuti usiye ntchito. Tinagwirizana tonse kuti upite, ndipo sindibweza mawu. Ndikudziwanso kuti kumeneko uli wekha, ukaweruka umalowa m'chipinda mopanda wokufunsa kuti waswera bwanji, ndipo nkhani ngati imeneyi ikakupeza pawekha imakula msanga. Ndikanakhala ine ndikanakwiyanso.

Koma tchuthi chija unachisuntha, chonde usachisunthenso. Bwera, ngakhale ubwere wokwiya. Udzandikalipire pamaso, udzapite wekha kushopuko ukamuone mayiyo, udzagubuduze nyumba yonse. Ndidzakutsegulira ndekha madirowa. Chimene sindingathe ndi kukhala chete kumeneku.

Ngati mtima sunaphwe, imba ndipo upemphe mwana yekha. Ndimupatsa foni, ine ndikaima pakhomo. Sindidzayankhira. Ndingomva mawu ako akutuluka pang'onopang'ono pakhutu pake, zindikwanira kaye.

Mulungu akusunge, akupatse tulo tabwino ndi odwala osavuta. Undiperekere moni kwa msuweni wako ndi kwa mnzako wa pantchito uja amene anakusamala utadwala. Amayi akuti uzivala zofunda, ndipo alamu akuti uwakhululukire pakamwa pawo.

Ndine mwamuna wako wokudikira,
Bambo a Kanyerere