Nkhope ya Malume pa Khoma la Tchalitchi

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Achemwali anga a Esinati abereka mwana wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Mpunga wachita bwino, koma chinangwa chawola ndi madzi. Digiri yanga ya zojambula ikadali m'sutikesi, chaka chachiwiri tsopano.

Kukoleji tinkaphunzira zithunzi zimene Adatchi ankajambula ndi inki kalekale. Chimodzi sichinandichoke m'mutu: Yesu m'chipululu, atawonda ndi njala, ndipo woyesa uja ali pambali, nkhalamba yaulemu, yovala bwino, ikumupatsa mwala kuti ausandutse mkate. Nyanga ilibe, mchira ilibe. Ndinakumbuka zija munkatiuza, kuti munthu woipa nayenso amafika pakhomo ndi odi.

Abusa atandipempha kuti ndijambule khoma la tchalitchi chathu kuno ku Nkhunga, ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinafuna nkhalamba yoti ndiziyang'ana pojambula woyesa uja. Alongo anu, malume Yohane, anakhala pampando masiku atatu atavala jekete lawo lija la ukulu wa mpingo. Ankayesa kuti ndikuwajambula ngati mtumwi. Sanafunse, ine sindinanene.

Tsopano akamadutsa pamsika, akabaza amawafunsa ngati mwala uja wasanduka mkate. Akulu a mpingo agamula kuti pofika Lamulungu ndikhale nditaika nyanga ndi mchira, nkhope ndiidetse isadziwike. Malume awonjezera kuti ndikakana, ndituluke m'nyumba yanu ino, poti mwini mbumba ndi iwo.

Kwa abusa ndinati ndinalakwitsa chabe. Inu sindingakunamizeni, Amayi. Ndinawasankha dala. Tsiku losesa maliro anu, ndani ananyamula makina anu osokera? Ndani anabwereketsa dimba lanu kwa olima nzimbe, ife osafunsidwa? Anabwera ndi pemphero, mawu ofewa, ati akutisungira. Mpingo wonse unaona, palibe anatsokomola. Lero akwiyira utoto!

Anthu a kuno amafuna Satana wa nyanga chifukwa ameneyo sakhala nawo pa benchi imodzi. Ndatopa nazo. Ndikudziwa mukanati ndiugwire mtima, ndi malume anga. Ndaugwira zaka ziwiri.

Nyanga sindijambula. Akafuna apake laimu okha, ndi manja awo. Lolemba ndisiya kiyi kwa achemwali, ndikwere minibasi ya ku Lilongwe, ngakhale kulibe wondidikira. Chikundiwawa n'chakuti ndikusiyani pakati pa anthu amenewa.

Manda anu akadali mulu wa dothi. Chiliza ndidzamanga ndine, ndipo sindidzapempha chilolezo kwa munthu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani