Ana a M'fayilo Yakale

Lolemba, 6 Meyi

Apongozi afika. Zikwama ziwiri, ambulera, ndi maso aja ofufuza fumbi pawindo. Akuti akhala mpaka mwendo upole. Mwendo uti? Akuyenda kuposa ine. Mwana wawo, mwamuna wangayo, wanyamuka ndi lole yake m'mawa, kundisiyira moto ndekha.

Zaka zonsezi m'banja muno sananditchulepo dzina. Ndine "inu a kompyuta". Alowa m'kachipinda kanga kogwiriramo ntchito, ayang'ana desiki, ati, "Chipinda chabwino chonchi, mukanagona mwana muno." Ndangomeza malovu. Mwana tilibe, ndipo zimandiwawa popanda wondikumbutsa.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ntchito. Abwana agula sitolo ina ya ziwiya. Katundu wa sitolo iliyonse ali m'fayilo yakeyake ya XML, ndiye ine ndilembe sikiripiti ya PHP, pulogalamu ya pakompyuta yokopera za m'fayilo yakale kulowetsa m'yatsopano. M'mafayilo amenewa chilichonse chili ndi kholo ndi ana, ndi mmene timatchulira pantchito. "Zophikira" ndi kholo, mapoto ndi masupuni ndi ana ake.

Ndatola mwana uku, ndamuponya uko. Kompyuta yakana, ati ameneyu ndi wa nyumba ina. Mwano!

Ndaimbira Wandevu, mnzanga wa kuntchito. Kuseka kwake ngati galimoto yokana kulira. Akuti mwana wa kwina sungangomukhazika pampando. Nyumba yatsopano iyambe yamulandira, kenako umupatse kholo. Lamulo lolandirira lilipo, importNode.

Apongozi asamutsa zonse za m'kabati. Mchere sindikuupeza.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndalandira monga ananenera Wandevu. Makolo onse alowa mwaulemu. Ana ng'o! "Zophikira" ali chiimire, alibe ngakhale supuni. Ndakuwa pafoni, "Mayo ine, ana anga atsala kwakale! Ndawasiya onse!" Wandevu akuti ndaiwala kamawu kamodzi, true, kotanthauza kuti bwera ndi ana omwe. Kamawu kamodzi, ine mutu waukulu tsiku lonse.

Potuluka ndawapeza apongozi pakhomo pa chipinda, tsache m'manja. Pansi poyera kale. Pachakudya diso lokha.

Lachinayi, 9 Meyi

Ana abwera, koma mapoto atatu sakuoneka. Alandiridwa, inde, koma sikiripiti sinawapatse kholo, ndiye akungoyandama. Abwana akaona ndatha ine. Ndanong'oneza Wandevu pafoni, "Atatuwa alibe kholo, alibe pokhala. Usauze munthu, ndiwalowetsa mwakachetechete."

Kunja kwa chitseko chinachake gwa! Tsache.

Masana chodabwitsa. Apongozi andibweretsera tiyi, wamkaka, shuga wokwana. Ndinayamba ndamununkhiza. Aima kumbuyo kwanga, ati, "Atatu aja, wamkulu ndi wotani?" Ine maso pakompyuta, ndangoyankha, wamkuluyo ndi wamimba, wa makutu awiri, sachedwa kutentha. Iwo, "Makutu awiri, tithokoze Mulungu. Koma kutenthako musachedwe nako." Atuluka akupukusa mutu. Sindinadziwe kuti amakonda mapoto chonchi.

Loweruka, 11 Meyi

Dzulo sindinalembe, ndinali kulimbana ndi amasiye anga. Alowa onse tsopano, aliyense pansi pa kholo lake. Abwana atumiza pafoni kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba, basi. Zikomo wake ndi ameneyo.

Lero ndapita kokonzetsa tsitsi. Pobwera, desiki yanga ili pakhonde! Kompyuta pampando, yofunditsidwa nsalu ngati ikudwala. M'kachipinda mwayalidwa matiresi, mabulangete atsopano, ndi timakapu titatu tapulasitiki, kofiira, kobiriwira, kachikasu. Mayi wa mwendo wodwala wafika kumsika ndi kubwerako atasenza matiresi!

Ndisanatsegule pakamwa foni yalira. Mwamuna wanga. Akuti, "Iwe, mayi akuti uli ndi ana atatu amene unawasiya kwanu, wamkulu ali ndi malungo." Ndakhala pansi pakhonde pomwepo. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndamufotokozera za mapoto, nayenso waseka mpaka kuimitsa lole.

Kenako wandiuza zimene mayi akewo anamuuza. Akuti, "Usamukalipire. Wavutika nazo yekha mtsikanayu, kubisa ana chifukwa choopa ife. Akatengedwe, ana ndi ana."

Kuseka kunathera pomwepo. Ndalira m'bafa, madzi ndatsegula kuti asamve. Ine ndimayesa akanditulutsira zikwama panja. Tsono mawa ndikawauze kuti adzukulu awo ndi mapoto? Ndikuopa. Tiyi uja atha, ndibwerera kukhala inu a kompyuta. Mtima wina ukuti ndikabwereke ana atatu kwa aneba, wina wamimba.

Lamlungu, 12 Meyi

Ndawauza.

Ndinawakhazika pakhonde, ndinavundukula kompyuta, ndinawaonetsa zithunzi. Uyu wamkulu, wa makutu awiri. Uyu wapakati. Uyu wamng'ono, wa chivundikiro chagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, mapoto ali pomwepo. Ati, "Ndiye malungo aja?" Ndinati ndi pamoto, amayi. Anaseka kamodzi, mokhala ngati kutsokomola. Maso awo anapita kwa timakapu tija. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Kuthawa manyazi amenewo ndinayamba kulongolola za ntchito, ine ndi pakamwa panga. Kuti vuto linali lakuti wochokera kwina sangokhazikika. Ungamulowetse pakhomo, ungamupatse mpando, nyumba ikapanda kumulandira amakhalabe wa kwina, kompyuta imakana. Anandidula, "Ngakhale akhalemo zaka?" Ndinati ngakhale zaka. Ati, "Hmm." Ananyamuka, mwendo uja ukutsimphina koyamba chibwerere.

Desiki sanabweze. Mabulangete sanapinde. Ndawamva akutsuka timakapu, akutsegula kabati, akusuntha zinthu. Mchere wabwerera pamalo pake pakale, ndauona podutsa.

Ndakhala pamatiresi a ana anga a aluminiyamu ndikulemba izi. Sindikudziwa ngati akwiya. Mwina mawa zikwama ziwiri ndi ambulera zinyamuka, ine nkutsala ndi...

Akuitana kukhitchini. Ndadikira kuti ndimve "inu a kompyuta". Abwerezanso, mokweza, "Mwana wanga, tiyi akuzizira, kako ndi kofiira."

Ndikupita.