Gulugufe wabuluu pachala changa

Achimwene,

Ndiyetu nsapato ndinavula, sokosi ndinaponya uko, n'kukhala pamwala thukuta lili kamukamu. Pepani, ndayambira pakati ngati basi yopanda mabuleki. Muli bwanji kumeneko? Nanga alamu, mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tili gwa.

Paja ndinakuuzani kuti bwana anandipatsa ulendo wa masiku atatu, kuyendetsa basi yonyamula aphunzitsi a kuyunivesite ndi ophunzira awo kukaona agulugufe kunja kwa dziko. Inde, mng'ono wanu pasipoti yake yadindidwa, tsopano muzindipatsa mpando wotsamira.

Kamera yanu ija ndinaikoleka m'khosi kuyambira pachipata cha malire. Munandipatsa mukunena kuti ndiitenge basi, inu ntchito yojambula yatha, ng'ala yakutsekani maso ndipo mpeni wa dokotala simuufuna. Mawu amenewo ndinawalingalira njira yonse.

Nkhalango yake, achimwene, agulugufe ngati mvula! Ena akulu ngati chivindikiro cha poto. Tsiku loyamba ndinawathamangitsa mpaka buluku linang'ambika. Ndinajambula zithunzi mazana awiri: masamba, masamba, chigongono cha mphunzitsi wamkulu, masamba. Mayi wotiperekeza anandiuza mwaulemu kuti pakamwa panga pakuthawitsa ngakhale nyerere.

Tsiku lomaliza m'mene ndinakhala pamwala paja ndinali nditagonja. Kenako gulugufe wabuluu, wonyezimira ngati diresi ya alamu yapaukwati, anazungulira kawiri n'kutera pachala changa chachikulu chakuphazi. Phazi lomwe lija munkalitulutsa panja tili ana kuti likukupherani mphuno! Mayi uja ananong'ona kuti agulugufe amatsata mchere wa m'thukuta.

Pamenepo ndinamva mawu anu aja a mu situdiyo, ndikukugwirirani nyale: "Zigongono pamimba. Mthunzi wako usamugwere. Gwira mpweya, ndipo kamodzi kokha pamoyo wako, khala chete."

Ndinakhala chete, achimwene. Ndinadina kamodzi.

Chithunzicho chinatuluka bwino moti mphunzitsi wamkulu anavula magalasi n'kufunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndinayankha kuti mkulu wanga, amene anandilera, amene wajambula maukwati ochuluka kuposa tsitsi la m'mutu mwanga.

Zikomo chifukwa cha kamera, ndiponso chifukwa cha makofi onse aja a mu situdiyo. Koma kamerayi sindisunga ayi. Ndibwera nayo mwezi wamawa pamodzi ndi chithunzi, ndachitsukitsa chachikulu ngati chitseko. Buluu wakeyo mumuona ngakhale ndi maso a panopa. Koma m'mphepete mwa mapiko muli timadontho toyera, tating'ono ngati mchere, ndipo ine sindidzakuuzani kuti ndi tingati. Pitani kuchipatala akachotse ng'alayo, mudzawerenge nokha. Ndidzakuperekezani ine, galimoto ndapempha kale. Mukadzaopa mudzagwire mpweya, zigongono pamimba.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Muwauze kuti chala cha bambo awo aang'ono chikubwera kudzakhala pakhoma la pabalaza. Mulungu akusungeni mpaka ndifike.

Ndine mng'ono wanu,
Katswiri wa agulugufe

Ndatsala pang'ono kumata envulopu, koma ndiyambe ndaulula. Zoti mphunzitsi wamkulu anafunsa amene anandiphunzitsa, ndapeka. Palibe amene anandifunsa. Ndinawauza ndekha, mmodzimmodzi, basi yonse, mpaka wapolisi wa pamalire.