Khitchini Yatha, Chatsala N'chithunzi

Mwana wanga Kafupi,

Landira moni wa kuno kwanu. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija unkatsokomola pafoni chinatha, kapena ukungondinamiza monga mwa masiku onse kuti zonse zili bwino? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mawondo anga okha ndiwo ayamba mwano, akumalira ndikamakwera makwerero. Azakhali ako ali bwino, ndipo pakamwa pawo sipanakalambe ngakhale pang'ono. A Pulambala nawo alipo, akuti ndikupatsiretu moni wawo ndisanayambe kudandaula.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati munthu wachikale. Pafoni umandizemba iwe. Ndikangoti nditchule za nyumba ino, umati netiweki ikuvuta, apo ayi abwana akukuitana. Ndiye ndati ndione ngati pepala nalonso limavuta netiweki. Uwerenge mpaka kumapeto, usalumphe.

Ndiyambe ndi za ntchito. Ikuyenda, sindiname. Tsamba lija unatitsegulira pa intaneti likutibweretserabe makasitomala. Ukukumbuka mmene ndinkakanira? Ndinkati ntchito yabwino imadzilengeza yokha, iwe n'kumati masiku ano munthu sakhulupirira mmisiri asanaone chithunzi. Unandigonjetsa, ndavomera. Anthu akaona zithunzi ziwiri zija moyandikana, china cholembedwa kuti Kale, china Tsopano, amaimba foni okha. Sabata yatha mayi wina anandilozera bafa ya eni ake pafoni yake, akuti akufuna yoteroyo, ngakhale sopo yemwe.

Malamulo ako ojambulira timawatsatirabe. Poyambira ntchito ndi pomaliza, wojambula aime pamalo amodzimodzi. Dzuwa likhale mbali yomweyo. Ndipo munthu asaonekemo, ngakhale chigongono. Unkatithamangitsa m'nyumba zoti tamanga tokha, ife amuna akuluakulu n'kumakadikira panja titanyamula zidebe za penti.

Utachoka ndinapeza wojambula wina. Timamutcha Mlongoti, chifukwa polowa pakhomo amachita kuwerama. Ntchito amaidziwa, koma walira mvula walira matope. Nyumba zimene iwe unajambula Kale ife n'kuzimaliza utapita, zithunzi zake za Tsopano sizikugwirizana ndi zako. Iwe unkaona chipinda kuchokera pansi, iye akuchiona kuchokera kumwamba. M'zithunzi zake mumaoneka fumbi la pamwamba pa kabati, limene palibe kasitomala anayamba walionapo. A Pulambala akuti tizimukumbira dzenje pojambulira.

Tsopano khala pansi umve nkhani imene ndakulemberayi. Khitchini ya amayi ako ndaimaliza.

Inde, werenganso. Siling'i yodontha ija ndinagwetsa yonse. Pansi ndaika matailosi otuwira amene iwo anasankha okha, aja anakhala m'makatoni kuseri kwa nyumba mpaka makatoniwo kuwola. Zenera ndalikulitsa, m'mawa dzuwa likumafika mpaka pachitseko. Mpopi sukulira usiku, kabati akutsekeka. Azakhali ako atalowa anagwira pakamwa, n'kufunsa ngati alakwitsa nyumba.

Ukudziwa mmene amayi ako ankandinenera. Ankati anakwatiwa ndi mmisiri wa dziko lonse kupatula nyumba yake. Dzina lakuti a Zengerezu anandipatsa ndi iwo, ndipo ankalitchula ngakhale pamaso pa alendo. Chimene chinkawapweteka kwambiri ndi sinki. Ndinaimanga iwe usanabadwe, pa msinkhu wa m'buku, umene timamangira aliyense. Koma amayi ako sanali aliyense. Kufupika kwakoko unatengera kwa iwo. Ndinawapatsa thabwa lochindikala kuti aziimapo kwa masiku ochepa, ndipo anaimapo moyo wawo wonse. Iwe ukawaseka, ankakuyankha kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ukukumbuka tsiku lija unajambula khitchiniyi, kutatsala pang'ono kuti unyamuke? Ndinali nditalonjeza kuti ulendo uno ndiyambadi. Unaima pachitseko n'kuwauza kuti atuluke, lamulo ndi lamulo. Iwo anakana. Anati m'nyumba za makasitomala uzilamula, koma muno ayi. Anati aima pathabwa lawo kuti dziko lione mmene akuvutikira, ndipo tsiku lomwe a Zengerezu adzamalize, adzaimanso pomwepo opanda thabwa, iwe udzajambule. Unaseka mpaka foni kugwedezeka, kenako unajambula.

Zotsatira ukuzidziwa. Unapita, iwo anadwala, ndipo maliro awo anakupeza mapepala ako okhalira kunjako asanatuluke. Sindibwereza zimenezo.

Thabwa lija linakhala pamalo pake. M'mawa uliwonse ndinkapunthwapo, n'kulitukwana, koma kulichotsa ayi. Tsiku lina ndinagwa ndithu, kapu n'kusweka. Ndili pansi pomwepo ndinati basi, zakwana. Ndinaitana a Pulambala ndi kalipentala wathu, n'kuwauza kuti makasitomala ayambe adikira.

Povuta panali pa msinkhu wa sinki, poti woti ndimuyeze panalibe. Ndiye ndinatenga tepi n'kuyeza kuchindikala kwa thabwa, ndipo sinki ndinaitsitsa ndi muyeso womwewo. A Pulambala anayamba kutsutsa kuti chimenechi n'chiyani, tikumanga sukulu ya mkaka kodi. Ataona chimene ndinkayeza anangoyamba kudula mapaipi. Kalipentala naye anatsitsa makabati onse osafunsa. Tsiku limenelo tinagwira ntchito mopanda nthabwala, chinthu chimene sichinachitikepo.

Titamaliza, Mlongoti anamva n'kubwera yekha. Anati khitchini yotere siyofunika kubisa, ikapita patsamba mafoni salekeza kulira. Anadandaulako kuti sinki yatsika kwambiri, anthu aziganiza kuti tinalakwitsa, koma anati ajambula mochenjera kuti zisaoneke. Kenako anapempha chithunzi cha Kale. Ndinachipeza mu zithunzi zimene unandisiyira, n'kumupatsa.

Mwana wanga, chimene anachita munthu uja! Anayang'ana chithunzicho, n'kunena kuti muli munthu, koma si vuto. Anangopititsa chala pafoni, kamodzi kokha, amayi ako n'kuzimiririka. Panatsala sinki, zenera, ndi thabwa lili ndi mapatapata awo pamwamba. Anandionetsa akumwetulira, akudikira kuti ndimuyamikire.

Ndinapsa mtima moti sindikumbuka zonse zimene ndinanena. A Pulambala akuti ndinamuuza kuti imfa inatenga miyezi kuti iwachotse m'khitchini muno, iye ndi ndani woti awachotse ndi chala. Akutinso ndinanyamula levulo yoyezera makoma kuti ndimumenye nayo, koma zimenezo ndikukana. Mlongoti anawabwezeretsa m'chithunzimo nthawi yomweyo. Anapepesa kwambiri, anati sanadziwe kuti ndi ndani. Mtima utatsika ndinamupepesanso ine. Analakwa chiyani? Ankatsatira lamulo lako lomwe lija. Ndinamuuza kuti khitchini iyi aisiye, ndijambula ndekha.

M'mawa mwake ndinadikira kuti dzuwa lifike pazenera monga unkaphunzitsira. Ndinaima pachitseko, pamene iwe unaima. Ndikajambula, n'kufananiza ndi chako, sizikugwirizana. Ndikasuntha, sizikugwirizanabe. A Pulambala, amene anabwera kudzatenga sipanala yawo, anandifunsa ngati ndaiwala kuti mwini chithunzicho amandilekeza pachifuwa. Anati nditsike.

Ndinapinda mawondo pang'onopang'ono, akulira ngati chitseko chakale, mpaka zenera la pafoni linafanana ndi la m'chithunzi chako. Ndili chinjutire choncho ndinayang'ananso amayi ako. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti m'chithunzimo akundiyang'ana ine mondidzudzula, poti ndinali kumbuyo kwako tsiku lija. Ayi ndithu. Maso awo sali m'mwamba kumene kunali ine. Ali pa msinkhu wako ndendende. Ndipo si maso odzudzula, akudziletsa kuseka. Ankayang'ana iwe, Kafupi, mwana wawo amene ankanyamuka sabata yomweyo.

Ndinalira, ndisakubisire. Ndinalira monga sindinalirire pamaliro pomwe, poti paja pamaliro ndinatanganidwa ndi kulandira anthu. Kenako ndinati ndidzuke, mawondo anakana. A Pulambala anachita kundinyamula m'khwapa, akundinena kuti ndalemera ngati thumba la simenti lonyowa, koma nawo mawu awo sanali bwino.

Chithunzi ndinajambula, ndipo chinatuluka chowongoka, ukanandipatsa mamalikisi. Koma ndikachiika pambali pa chako chija, mtima umandiwawa. Cha Kale chili ndi siling'i yakuda, makoma osweka, ndi munthu. Cha Tsopano chili ndi zonse zimene munthuyo ankapempha, koma mulibe aliyense. Kasitomala wanzeru akaona angasankhe cha Kale. Sindinachitumize patsamba, ndipo sindichitumiza.

Azakhali ako ananditsina khutu kuti mapepala ako anatuluka kalekale, ndiponso kuti tchuthi uli nacho koma sukuchitenga. Usawakwiyire, ukudziwa kuti chinsinsi chimawayabwa. Ine sindikukuimba mlandu. Ndikudziwa chimene ukuopa. Uli kumeneko, ukhoza kumaganiza kuti amayi ako angotuluka pang'ono, ali m'khitchini, n'chifukwa chake sakubwera pafoni. Ukalowa pakhomo pano bodza limenelo litha. Ndikulidziwa bwino bodzalo, inenso ndinalisunga ndi thabwa lija.

Mwina ukuganizanso kuti anthu adzakuyang'ana ndi diso loti uyu sanaike mayi ake. Amene adzayerekeze adzaonana ndi ine, ndipo ulendo uno levulo ndidzainyamuladi. Amayi ako sanakudandaule ngakhale tsiku limodzi. Ali m'chipatala ankauza manesi onse kuti mwana wawo ali kunja, ndiye anaphunzitsa bambo ake kuti ntchito imafuna chithunzi. Manesi anatopa nayo nkhaniyo.

Ndakusowa, mwana wanga. Ndanena mosazungulira, poti pepala silingandidule. Ndasowa phokoso lako, ndasowa kundilamula kwako, ndasowa munthu wondiuza kuti malaya amene ndavala sakugwirizana ndi thalauza. Ndimakonza nyumba za anthu, ndikamaliza iwo amalowa ndi ana awo n'kuyamba kukangana za pamene aike tebulo. Ine ndimalongedza zida n'kubwerera ku khitchini yokongola kuposa zonsezo, n'kumwa tiyi choimirira.

Ndipo pali vuto lina limene sindinaliganizire. Sinki ija yandithyola msana. Ndikatsuka mbale ziwiri zokha ndimayenda chowerama mpaka masana. Azakhali ako anayesa, anatukwana. Mlongoti atafuna kusamba m'manja anachita kugwada. Onse akuti ndiikweze, ndi ntchito ya tsiku limodzi, ndipo a Pulambala akuti sadzandilipiritsa. Ndawauza kuti aisiye. Sinki imeneyi ndinaimangira munthu mmodzi, ndipo padziko lonse patsala munthu mmodzi yekha amene ingamukwane.

Ndiye pempho langa ndi ili. Tenga tchuthicho ubwere, ngakhale kwa masiku ochepa. Sindikuti usiye ntchito, sindikuti udzakhale. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Kumanda tidzapita pamene iwe udzafune, ndipo ukadzafuna kulira panjira yonse, ine ndidzayendetsa galimoto pang'onopang'ono.

Koma m'mawa woyamba, dzuwa likadzafika pazenera, udzaime pasinki paja. Amayi ako anati udzajambule ndiwe, koma pamenepa ndiwaphwanyira lamulo, ndipo lako lija loti munthu asaonekemo ndiliphwanyanso. Wojambula ndidzakhala ine. Pamalo poima ndikupadziwa, msinkhu ndaudziwa, ndipo a Pulambala avomera kale kudzandidzutsa. Chithunzi chimenecho sichidzapita patsamba. Ndidzachipachika pakhoma pambali pa chinzake, ndipo pokhapo ndidzanena kuti ntchito yatha.

Undiperekere moni kwa mnzako amene ukukhala naye, umuuze kuti ndikuthokoza pokusamalira pamene unkadwala. Azakhali ako akuti uzivala zofunda ndipo usamadye choimirira, ngati kuti ine ndiye ndili bwino. Mulungu akusunge, akudalitse pantchito yako, akupatsenso mphamvu yogula tikiti.

Usandiyankhe ndi kalata. Ungondiuza tsiku, ndidzakuchingamira.

Thabwa lija ndaliimika kuseri kwa chitseko. Sindinalitaye, koma iwe sudzalifuna.

Ndine bambo ako,
Zengerezu, amene pano wamaliza.