Mlonda wa pa Mgolo

Loweruka, 7 Juni 2025

Analipo: bwana Suzgo, manejala watsopano wa chitetezo pa esiteti, mnzawo a Overton a ku fakitale ya tiyi, ine Fackson, pakhonde. Loweruka ndi Lamulungu ndimalondera pageti pawo, masiku ena ku nkhalango ya bulugamu. Magetsi anazima 1:20 masana. Anandiitana kuti ndikhale pafupi ndi jenereta. Petulo malita anayi.

Zenera lotsegula. TV yaikulu ngati chitseko. Ndimayesa filimu ya nkhondo, koma ndi gemu. Munthu wa mfuti pa TV-po ndi bwana amene, akumuyendetsa ndi zala. Muli dziko lathunthu, mapiri, misewu, mitsinje, amapita kumene afuna. Pa phiri lina pali kampu, pa kampupo alonda asanu ndi mmodzi. Anzanga a ntchito, tinene.

Bwana sanathamangire. Anabisala mu udzu n'kumawayang'ana. Inenso ndinayang'ana, ndi wotchi. Mlonda wa kumanzere: kuchoka pa mgolo kukafika pa mpanda, masekondi 40. Kuima, 10. Kubwerera, 40. Katatu, osasintha. Kachinayi bwana anali akumudikira kuseri kwa mgolo. Basi.

Zaka 17 ndili mlonda. Chisoni chinandigwira.

Lamulungu, 8 Juni

Magetsi kulibenso. Malita atatu.

Lero za mwala. Bwana aponya mwala, mlonda atembenuka, apita kukaona, aima. Ndinawerenga, masekondi 12. Kenako ayankhula Chingerezi n'kubwerera pamalo pake. Ndinafunsa a Overton. Akuti akunena kuti ndi mphepo chabe. Mnzake wagona chagada pomwepo, nsapato zikuoneka, iye akuti mphepo.

Mawu a bwana: "Zitsiru izi. Ukangodziwa njira yawo, wathana nawo."

Ndinafotokozera mkazi wanga Sellah. Anangofunsa kuti alondawo amapatsidwa mabuti ndi jasi kapena amagula okha.

Lachitatu, 11 Juni

Msonkhano ku ofesi, 8 koloko. Alonda 14, a kapitawo Dickson, bwana. Nkhani yake: bulugamu akutha. Fakitale imaumitsa tiyi ndi nkhuni zimenezo, ndipo kuzizira kuno a m'midzi akudula. Mwezi wa Meyi wonse, mitengo 9.

Lamulo latsopano. Aliyense wapatsidwa kandodo kamagetsi. Akhoma mabatani achitsulo pa mizati isanu ndi iwiri kuzungulira nkhalango. Ugunditse kandodo pa batani pa nthawi yake, kompyuta ya bwana ilemba. Yanga: batani 1 pa 7:00 m'mawa, kenako mphindi 25 zilizonse, mpaka batani 7 pa 9:30. Kuyambiranso. Ukaphonya, kalata ya chenjezo. Makalata atatu, ntchito yatha, ndipo nyumba ya esiteti ya ku layini utulukemo. Ine ndili nayo kale imodzi, ya 2021, tsiku la maliro a malume.

Kale ndinkayenda mmene mtima wandiuzira. Lero kuyambira kumtsinje, mawa kukhala phee pansi pa mtengo ola lathunthu. Ine ndemwe sindinkadziwa kumene ndilowere, nanga wakuba akanadziwa bwanji.

Ndinafuna kukweza dzanja, ndinene za mlonda wa pa mgolo. Dzanja linafika pachifuwa. Ndinangodzikanda.

Loweruka, 14 Juni

Malita asanu. A Overton anabwera ndi chimanga chootcha, anandigawira theka.

Ndilembe mwa ndondomeko. Bwana anaponya mwala, unaphonya, unagunda khola. M'kholamo munali nyalugwe. Anatuluka, n'kugwira mlonda. Mnzake anaombera, chipolopolo chinaboola mgolo wa petulo. Moto. Udzu unayaka, mphepo inautembenuzira kwa bwana, galimoto yawo inapsa. Iwo liwiro wapansi, nyalugwe pambuyo. Anafa. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi malaya.

"Overton, izi palibe anazilemba! Zangochitika zokha. Gemu yabwino ndi imeneyi."

Atadzukanso (amadzuka, alonda okha ndi amene sadzuka) anapita ku kampu ina. Kumeneko alonda anali atavala zipewa zachitsulo. A Overton akuti ndi chifukwa bwana amakonda kuombera kumutu, ndiye gemu yaphunzira. Awiri anasiya njira yawo, n'kuwazungulira kumbuyo. Anafanso.

"Awa ndiye alonda. Akuganiza."

Ndalemba mawu a bwana monga anatulukira. Inali 3:42 masana.

Lachiwiri, 24 Juni

Zitsa zatsopano 11 m'masiku 13. Zonse pakati pa batani 2 ndi batani 3.

Ndawerengera. Ndikachoka pa 3 nthawi ya 7:50, sindionekanso kumeneko mpaka 10:20. Maola awiri ndi theka. Mtengo umodzi, amuna awiri, mphindi 35. Otsalawo ndi a kudula nthambi ndi kupuma.

Alipo amene anagona mu tiyi ndi wotchi.

M'mawa mayi wina wa njira ya ku Khonjeni, dengu pamutu, anandilonjera bwinobwino m'Chilomwe. Atadutsa anatembenuka. "Lerotu mwachedwa ndi mphindi ziwiri, a Fackson." Ndinayang'ana wotchi. Amanena zoona.

Ndinawauza a kapitawo. Akuti mabokosi anga pa kompyuta ali obiriwira onse, ndisadandaule.

Lachinayi, 26 Juni

Chiperoni. Munthu sukuona mtengo wachitatu.

8:31, pakati pa 4 ndi 5. Nkhwangwa, kumunsi. Ndinaima. Mawu a 3:42 aja anabwera okha. Ndinasiya njira, kudutsa mu tiyi amene angomudulira, mawondo atanyowa, kuwazungulira kumbuyo. Amuna atatu. Ndinaimba wezulo kamodzi. Anamwazika. Anasiya nkhwangwa ziwiri, sowo imodzi, botolo la thobwa. Mtengo anali ataudula theka, ukadali chiimire.

Ndinasenza zonse mpaka ku ofesi, makilomita atatu. Bwana kunalibe. Njira yonse mtima ukuimba ngati wa mwana.

Mabatani 5, 6 ndi 7 sindinagunde.

Lachisanu, 27 Juni

Kalata.

Bwana sanakweze mawu. Ndi munthu waulemu, anandipatsa mpando. Anatembenuza kompyuta kuti ndione: mabokosi atatu ofiira. Nkhwangwa zili pakona, pafupi ndi ambulera yawo.

"Zikomo, madala, koma sistimu ndi sistimu. Aliyense akamayenda za m'mutu mwake, ine ndidziwa bwanji kuti akugwira ntchito?"

Ndinasaina 10:05. Ndinati zikomo.

Sellah sanakalipe. Anachapa buluku lonyowa lija, n'kuliyanika. Kenako: "Akatitulutsa muno, bulugamu wanuyo adzatipatsa nyumba? Mwana wathu Tamando ali fomu 3."

Mtengo uja anaumaliza masana omwewo. Ndinali pa batani 6.

Loweruka, 28 Juni

Malita anayi. Bwana ayambanso gemu kuyambira pachiyambi, akuti aiyese movuta.

Kampu yoyamba ija. Mlonda wa pa mgolo wabwerera. 40, 10, 40. Mwala. Masekondi 12. Mphepo chabe.

Lero sindinamumvere chisoni. Ndamumvetsa. Nsapato za mnzake waziona ndithu, maso ali nawo. Kungoti nayenso ali ndi makalata awiri.

Lachiwiri, 8 Julayi

Kwacha bwino, phiri likuoneka.

8:29, pakati pa 4 ndi 5. Nkhwangwa, kumunsi komwe kuja. Ziwiri, zikulandizana. Wina akuimba nyimbo.

Ndinaima. Ndinatembenuka. Ndinawerenga mpaka 12. Panalibe munthu womva, koma ndinanena mokweza, kuti zikhale zolongosoka: ndi mphepo chabe.

Tsamba silinagwedezeke n'limodzi lomwe.

Batani 5 pa 8:40 ndendende.

Lachisanu, 11 Julayi

Perete ku ofesi, 8 koloko. Alonda 14, a kapitawo Dickson, bwana. Bwana anandiitana kutsogolo. Masabata awiri mabokosi onse obiriwira, palibe ngakhale mphindi imodzi yochedwa. Anandigwira chanza. Akuti ena atengere chitsanzo, munthu akhoza kusintha ngakhale atakula. Anzanga anaomba m'manja. A Dickson anayang'ana nsapato zawo.

Mawa ndili pa jenereta. Bwana akuti afika pa kampu yovuta, ya alonda oganiza aja.

Zitsa kuyambira pa 12 Juni: 27. Palibe wandifunsa.

Makalata: awiri. Yatsala imodzi.